Ford F-150 ya 2013 yogula pa kaunjika: zomwe ndaona patatha zaka zitatu ndi theka

Ndimakhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana, komwe Amalawi tilipo ochulukirapo ndithu. Chigulireni pikiapu yangayi, abale angapo akhala akundiimika pakhomo la tchalitchi kundifunsa ngati nawonso agule yotere. Pakhomo la tchalitchi nkhani siitha, ana amakhala akukoka jekete kuti tizipita, ndiye ndati ndikhale pansi ndilembe zonse bwinobwino.

Galimotoyi ndi Ford F-150 ya 2013, mtundu wa XLT, ya zitseko zinayi imene amaitcha SuperCrew. Injini yake ndi ya petulo, 5.0 V8, magiya 6 osintha okha, komanso ndi 4x4. Ndinaigula mu October 2021 itayenda mamailosi 118,000, omwe ndi makilomita pafupifupi 190,000, pa mtengo wa madola 19,500. Inali nthawi yoipa yogulira galimoto. Mafakitale ankasowa tizipangizo ta kompyuta toika m'galimoto zatsopano, anthu onse anakhamukira ku zakale, mitengo n'kukwera koopsa. Ndinkazidziwa zimenezi, koma kudikira sikukanatheka. Ganyu wotchetcha kapinga ndi kusamutsa katundu wa anthu, yemwe ndimagwira ndikaweruka kufakitale ku Elkhart, anali atakula moti galimoto ya banja sinkakwanitsanso. Kuwonjezera msonkho wa 7 peresenti wa kuno ku Indiana, ndalama za mapepala ndi nambala, ndinatulutsa zopitirira madola 21,000. Lero yayenda mamailosi 172,000. Pa nyenyezi zisanu, galimotoyi ndikuipatsa zinayi. Amene anandigulitsa ndikuwapatsa imodzi.

Ndiyambe ndi ogulitsawo chifukwa ndi pamene pali phunziro lodula kwambiri.

Ndinaipeza pa kamalo kena kogulitsira galimoto zakale, kunja kwa tauni. Inkanyezimira ngati yatsopano, mipando yoyera, fungo labwino m'kati. Ndinachita zambiri zomwe anthu amalangiza. Ndinawerenga lipoti la Carfax, losonyeza kuti eni ake anali awiri ndipo sinachitepo ngozi yolembedwa. Ndinaona kuti title yake, imene kwathu tingati bulu buku, ndi yoyera, yopanda mawu oti salvage kapena rebuilt, amene amalembedwa pa galimoto imene inawonongeka kwambiri kapena inakonzedwanso itawonongeka choncho. Ndinalemba nambala ya chasesi, imene amaitcha VIN, pa webusayiti ya boma ya NHTSA, pomwe munthu amaona mwaulere ngati galimoto inaitanidwa kuti ikakonzedwe. Zimenezi n'zofunika pa F-150 za zaka zimenezi, chifukwa mu 2019 a Ford anaitanitsa pafupifupi 1.5 miliyoni za 2011 mpaka 2013 kuti akakonze pulogalamu yoyendetsa magiya. Yanga inali itakonzedwa kale. Ndinaiyendetsa mphindi makumi awiri, injini ikulira bwino, magiya akulowa mosalala. Ndinasuzumiranso pansi, n'kuona ponse pali bii, utoto wakuda watsopano. Mumtima ndinati eni ake ankaisamala.

Chimene sindinachite ndi kupita nayo kwa makaniko wanga kuti aikweze m'mwamba. Zikanandidyera madola 150 okha. Pagalasi panali pepala lija la boma lotchedwa Buyers Guide, atachonga poti As Is, kutanthauza kuti ukangotuluka pageti vuto lililonse ndi lako. Ndinaliwerenga, ndinalimvetsa, ndinasainabe.

Lamlungu lotsatira, akulu ena a kumpingo kwathu amene akhala kuno zaka zoposa makumi awiri anaizungulira kamodzi, n'kugwada pafupi ndi tayala lakumbuyo. Anakanda ndi kiyi, utoto uja n'kusupuka. "Achimwene, utoto uwu anapaka dzulodzuloli," anatero. "Kuno galimoto timagula kuyambira pansi. Pamwambapa ndi pa alendo." Chikomekome cha nkuyu chija ndinachionera pamenepo.

Amene muli kumudzi mwina simungamvetse kuti dzimbiri lingadye bwanji galimoto ya zaka zisanu ndi zitatu zokha. South Bend ili pafupi ndi nyanja ya Michigan, ndipo mphepo ikadutsa panyanjapo m'nyengo yozizira imatikhuthulira chipale chofewa chochuluka kuposa madera ambiri. Kuti misewu idutsike amathira mchere, mwezi ndi mwezi kuyambira cha mu November mpaka March. Madzi amcherewo amalowa m'chasesi, m'mapaipi a mabuleki, m'munsi mwa zitseko ndi m'ngodya za kabini, n'kumadya chitsulo mwakachetechete. Wogulitsa wosakhulupirika amangopopera utoto wakuda pamwamba pa dzimbirilo.

Mu February 2022, ndikuchoka kuntchito usiku, ndinaponda buleki pa maloboti, phazi n'kungomira mpaka pansi. Mwamwayi ndinali pang'onopang'ono ndipo kutsogolo kunalibe munthu. Paipi ya mabuleki akumbuyo inali itaboola ndi dzimbiri, pansi pa utoto womwe uja. Kusintha mapaipi onse kunandidyera madola 850. Nditabwerera kwa ogulitsa aja anangondionetsa siginecha yanga. Ndinali nditagulanso kwa iwo chitsimikizo chowonjezera cha kampani ina pa madola 1,900, koma nditaimba foni anandiwerengera ndime yonena kuti chilichonse chowonongeka ndi dzimbiri sichili m'pangano. Ndalama imeneyo imandiwawa mpaka lero kuposa ya mabuleki, chifukwa sinandigwirire ntchito ngakhale tsiku limodzi.

Chomwe chinandipulumutsa n'chakuti chasesi inali idakali yolimba. Makaniko anaigogoda ndi hamala kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, ikulira ngati chitsulo chenicheni, dzimbiri linali lapamwamba chabe. Kuyambira pamenepo chaka chilichonse mu October ndimakapoperetsa mafuta oteteza kunsi konse, mtundu umene suuma, ndipo m'nyengo ya mchere ndimaitsuka pansi kawiri pamwezi. M'munsi mwa zitseko mwayamba kutupa, ndipo pamenepo ndavomereza kuti sindingapambane, koma chasesi ikadali bwino.

Tsopano za galimoto yeniyeniyo, imene ndimaikonda.

Injini ya 5.0 sinandikhumudwitsepo. Pa mamailosi 54,000 omwe ndayenda nayo sindinaitsegulepo, kupatula kusintha mapulagi asanu ndi atatu kamodzi ndi pampu ya madzi itayamba kudontha. Imamwa oyilo wa 5W-20 malita opitirira 7 pakusintha kulikonse, ndipo ndimasintha ndekha pa mamailosi 5,000 aliwonse. Ndinaisankha dala m'malo mwa injini ina ya F-150 yotchedwa 3.5 EcoBoost. Imeneyo ili ndi mphamvu zokoka zambiri ndipo eni ake amaiyamikira, koma ili ndi matebo awiri, ndipo pa galimoto yakale imene sukudziwa mmene ankaisamalira ndinafuna yokhala ndi zinthu zochepa zoti zingawonongeke. Zina zomwe ndasintha ndi za ukalamba basi: batire, maberingi a tayala lakutsogolo, mabolojointi, mashoki, ndi matayala anayi a 275/65R18 omwe anandidyera madola pafupifupi 950. Masipeya amapezeka paliponse, ngakhale kumalo kophwasulira galimoto zakufa, chifukwa mtundu wa F-Series, momwe muli F-150, wakhala ukugulidwa kuposa mapikiapu ena onse ku America kuno kuyambira mu 1977. Makaniko aliyense wa m'mbali mwa msewu amaidziwa.

M'kati ndi motakasuka kwambiri. Kumbuyo kumakhala akuluakulu atatu atatambasula miyendo, ndipo ukapinda mipando pansi pake ndi pafulati poti ungaikepo TV kapena zida zimene sukufuna zinyowe. Ulendo wa ku Indianapolis pa msewu wa US 31, mamailosi pafupifupi 150, umafika msana usanayambe kudandaula. Mayi a kunyumba poyamba ankaiopa chifukwa cha kutalika kwake, pafupifupi mamita 6, ndipo mpaka pano safuna kuiimika pamalo opanikizika. M'galaja yathu silowa. Imagona panja, ndipo m'mawa wa January ndimayamba ndi kupala madzi oundana pagalasi.

Koma pali chinthu chimodzi chimene chinandidabwitsa, ndipo ndikufuna abale anga achimve bwino. Ife tinakula tikuona matola, Hilux ya kabini imodzi itasenza matumba a chimanga, njinga, mbuzi ndi anthu pamwamba pake, ikukwera zitunda za ku Ntcheu. Ndiye ukaona chigalimoto chachikulu chonchi umaganiza kuti chinyamula kawiri. Ayi. Tsegulani chitseko cha dalaivala, pali kachikwangwani kachikasu kolemba kulemera konse kumene galimotoyo ikuloledwa kunyamula. Pa yanga palembedwa mapaundi 1,480, omwe ndi makilogalamu pafupifupi 670, ndipo nambala imeneyi ikuwerengera anthu omwe. Mukakwera akuluakulu anayi, kumbuyo kwatsala malo a matumba asanu ndi awiri okha a makilogalamu 50. Hilux ya kabini imodzi imaloledwa kunyamula pafupifupi tani yathunthu. Bokosi lakumbuyo nalo ndi lalifupi, mafiti asanu ndi theka, moti bolodi la plywood la mafiti 8 limalowa chitseko chakumbuyo chili chotsegula. Ndinaphunzira zimenezi tsiku lomwe ndinapakira miyala yoyala pakhomo la kasitomala, kumbuyo n'kukhala pansi, chiwongolero n'kupepuka m'manja. Ndinaima n'kutsitsa theka, ndinayenda maulendo awiri.

Mphamvu ya F-150 ili pa kukoka. Yanga ikuloledwa kukoka mapaundi opitirira 7,000, ndipo ngolo yanga yokhala ndi makina awiri otchetchera kapinga imaikoka ngati palibe chilichonse kumbuyo. Ndakokapo galimoto za abale zofera pa msewu waukulu wolipira wa Toll Road, ndasamutsapo mabanja ambiri, ndanyamulapo madiramu a katundu wopita kumudzi kukawasiya kumene akupakira kontena. Pa chikondwerero cha 6 July mipando, matebulo ndi mbaula zowotchera nyama zimakwera mwanga. Kumbukirani chabe kuti ngolo imatsamira pa galimoto ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwake kapena kuposerapo, ndipo kulemera kumeneko kumachotsedwa pa nambala ya pa kachikwangwani kaja.

M'chipale imayenda bwino, koma osati yokha. Bokosi likakhala lopanda kanthu kumbuyo kumapepuka ndipo kumaterereka msanga pokhota, ndiye ndimaika matumba anayi a mchenga pamwamba pa matayala akumbuyo kuyambira December. Ukaika pa 4H, pomwe matayala onse anayi amakoka, imatuluka m'malo amene galimoto zazing'ono zatitimira. Pa XLT ngati yangayi 4H si yoyendera pa tala wouma, imapanikiza zitsulo pokhota. Ndipo 4x4 imathandiza kunyamuka, pa kuima siithandiza chilichonse. Mapikiapu ambiri amene ndimawaona ali m'ngalande m'mawa wa chipale ndi a anthu amene anaiwala zimenezo.

Nyenyezi yachisanu ndaichotsa chifukwa cha mafuta. Pamapepala a boma analemba mamailosi 14 pa galoni m'tauni ndi 19 pa msewu waukulu. Ine ndimapeza pafupifupi 15, omwe ndi makilomita 6 ndi pang'ono pa lita, ndipo ndikakoka ngolo zimatsika kufika pa 11. Thanki yake ndi ya magaloni 36, malita 136. Mu June 2022, petulo atafika madola 5 pa galoni, kudzaza thanki kunkafuna madola pafupifupi 180, ndipo ndinkadzaza kawiri pa masiku khumi. Mwezi umenewo ndinakhala pansi ndi kope n'kuwerengera ngati ndiigulitse. Ganyu wa kapinga ndi kusamutsa anthu anali akulipira mafuta, inshuwalansi ndi ngongole ya galimotoyo, n'kutsalako pang'ono, choncho inakhala. Chikhala kuti ndinkangopita nayo kufakitale ndi kutchalitchi, bwenzi itapita kalekale. Mnyamata wina amene anangofika kumene, akugwira ntchito yosamalira okalamba, anandiuza kuti akufuna yotereyi chifukwa imapatsa ulemu pamsewu. Ndinamuonetsa kope lija tsamba ndi tsamba, ndipo anakagula Corolla. Ndikuona kuti anachita bwino, chifukwa ndalama zimene akanathira m'thanki ndi zimene akutumiza kwa mayi ake mwezi ndi mwezi.

Ena amandifunsa ngati ndidzaitumize kumudzi ndikadzatopa nayo. Sindidzatero. Chiwongolero chake chili kumanzere pomwe kwathu timayenda kumanzere kwa msewu, ndiye kupitirira lole pa M1 kungakhale kuika moyo pachiswe. Masipeya ake sungawapeze msanga ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ndipo petulo wake angamalize munthu. Kumudzi n'kwa Hilux ndi D-Max za dizilo.

Ndikadzafuna ina, ndidzayang'ana ya 2015 kupita m'tsogolo, chaka chimene a Ford anayamba kupanga thupi la F-150 ndi aluminiyamu amene sachita dzimbiri lofiira lija, ngakhale chasesi idakali yachitsulo ndipo iyenera kugogodedwa ndithu. Apo ayi ndidzakwera ndege kupita ku Texas kapena ku Georgia, kumene mchere pamsewu ndi wosowa, n'kubwera nayo ndikuyendetsa. Chitsimikizo chowonjezera sindidzagulanso, ndalamayo ndidzaisunga padera yokonzetsera. Koma yomwe ndili nayoyi ndikufuna ifike kaye pa mamailosi 250,000, ndipo makaniko wanga akuti injini ndi magiya zikhoza kufika ngati chasesi ipirira.

Amene muli kuno ku South Bend, Mishawaka kapena Elkhart ndipo mwapeza pikiapu imene yakusangalatsani, musasaine kaye. Ndiuzeni Loweruka tipite limodzi. Tochi, hamala ndi katoni yogonera pansi zimakhala kuseri kwa mpando wanga nthawi zonse.