Makina ofungatira mazira a nsato: maganizo anga kwa oweta a ku Harare

Makina ang'onoang'ono amene sitolo ina ya ziweto ku Msasa imagulitsa ndi oyenera woweta nsato za mtundu wa ball python, zimene kwawo ndi kumadzulo ndi pakati pa Africa. Mazira a nsato zimenezi amafuna kutentha kosasinthasintha kwa madigiri 31 kapena 32 kwa masiku pafupifupi 55 mpaka 60, ndipo makinawa amasunga kutenthako mokhulupirika, ngakhale m'mamawa ozizira a mwezi wa June.

Chimene ndachikonda kwambiri ndi chakuti satembenuza mazira monga amachitira makina a nkhuku. Dzira la nsato lili ndi chikamba chofewa, ndipo likatembenuzidwa mwana wam'kati angathe kufa; n'chifukwa chake ndimalemba kachizindikiro pamwamba pa dzira lililonse ndisanaliike m'bokosi la vermiculite (timiyala topepuka tosunga chinyezi) wonyowa pang'ono. Chitseko chake n'choonekera, choncho munthu amayang'ana mazira popanda kutulutsa chinyezi.

Chodandaulitsa n'chakuti alibe batire. Magetsi akazima kwa maola ambiri, monga zimachitikira kuno, kutentha kumatsika msanga, ndipo aliyense wogula ayenera kukonzeratu sola kapena inverter. Mtengo wake ndi wokwera kale, ndipo ndikuona kuti batire likanayenera kukhalapo.

Wogulitsa anachita bwino kundikumbutsa kuti nsato yathu yakutchire ndi yotetezedwa ndi lamulo la Parks and Wildlife Act, motero nkhani ya chilolezo iyenera kuyambira ku ZimParks, bungwe loyang'anira nyama zakutchire ku Zimbabwe, munthu asanagule njoka kapena makinawa.