DVD ya sewero la Elvis patatha miyezi 7

Alamu anga anandiimbira Lamlungu kufunsa ngati nawonso agule DVD ya sewero la moyo wa woimba uja Elvis Presley, lija anandipeza ndikuonera mu Epulo. Sindinawayankhe pomwepo, chifukwa mtima wanga pa chimbale chimenechi sunakhazikike mpaka lero.

Seweroli ndi la magawo awiri ndipo linaonetsedwa pa wailesi ya kanema ya CBS ku America mu 2005. Jonathan Rhys Meyers ndiye akusewera ngati Elvis, ndipo anapata nalo mphoto ya Golden Globe. Zithunzi n'zowala ngakhale pa TV yanga yakale, mawu amamveka bwino.

Koyambirira ndakuonera kambirimbiri osatopa. Mnyamata woyendetsa lole ku Memphis akulowa mwamanyazi ku Sun Studio, kojambulira nyimbo kwa Sam Phillips, kenaka Colonel Tom Parker, amene anadzakhala manijala wake, akumuzungulira ngati kabawi pa anapiye, mpaka kampani ya nyimbo ya RCA kugula kontrakiti yake ndi $35,000 mu 1955. Koma amene anandigwira mtima ndi mayi ake a Elvis, a Gladys. Elvis anabadwa mapasa ku Tupelo mu 1935, mnzakeyo anabadwa atafa kale. Ukadziwa zimenezi umamvetsa chifukwa chake mayiyu sankagona tulo mwana wake akapita kukaimba kutali.

Ndiye vuto lili pomwepo. Nkhani ikangofika mu 1958, Elvis ataitanidwa ku usilikali, a Gladys akudwala, chimbale chimaima. Nkhope yawo imangouma pa TV, makina n'kumalira krr krr, kenaka zii. Ndinapukuta ndi kansalu kofewa. Ndinapaka mankhwala otsukira mano monga anandiuzira aneba. Ndinakayesa pa makina awo, chimodzimodzi. Nditachiyang'ana padzuwa ndinaona kuti pansi pake chinakandika kamzere kakafupi ngati chikhadabo. Ndikadumphitsa ndimapeza Elvis ali kale ku Germany, maliro atapita. Mayiyu anamwalira mu Ogasiti chaka chimenecho ali ndi zaka 46 zokha, koma ine miyezi 7 yonseyi sindinaone mwanayo akulira amake, pamene sewero lonse limakukonzekeretsa zimenezo. Zimandiwawa ndithu.

Ndinachigula K9,000 pa kashopu kena m'tauni ku Lilongwe, ndipo lisiti sanandipatse. Ndabwererako katatu. Ulendo woyamba wogulitsayo anati, "Bwana, vuto ndi makina anuwo." Wachiwiri anachiika m'makina ake, chinaimanso pamalo omwewo iye akuona, ndiye anati zina zifika sabata yamawa. Wachitatu anandilozera mafilimu a karate kuti ndisankhepo imodzi. Ndinakana, ndalama nayenso anakana kubweza. Za minibasi zokha zimene ndawononga zatsala pang'ono kufanana ndi mtengo wa chimbalecho.

Masiku ena ndikafika kumapeto, Elvis atavala zachikopa zakuda pa pulogalamu ya pa TV ya 1968 imene inamubwezera ulemu atataya zaka zambiri m'mafilimu opanda pake, ndimaiwala mkwiyo wonse n'kumati ndalama yanga inapita pabwino. Masiku ena ndikakumbukira mayankho a wogulitsa uja ndimachibwezera m'kabati.

Alamu ndawauza kuti seweroli agule, koma kwina, ndipo asatulutse kwacha wogulitsa asanachiike m'makina n'kuchiyendetsa mpaka kudutsa pa maliro paja. Lisiti atenge. Ine Loweruka ndipitanso komaliza, ndipo ndikukafuna chimbale china kapena K9,000 yanga.