Filimu ya apolisi ofufuza ya chilankhulo chachilendo: DVD, Blu-ray kapena fulashi?

Filimu ya nkhonya mutha kuitsata ngakhale simukumva liwu limodzi. Koma ya milandu yakupha yochokera ku Korea, France kapena Denmark, nkhani yonse imagona pa mawu: dzina limene lapulumuka pakamwa pa mboni, ola limene woganiziridwa akunama kuti anali kunyumba. Komanso zambiri zimachitika usiku, kumvula kapena m'chipinda cha nyali imodzi. Choncho posankha njira yoonera, yang'anani ziwiri: ma subtitle (mawu omasulira olembedwa m'munsi mwa chithunzi) akubwera pa nthawi yake? Nanga mdimawo ukuoneka bwanji?

DVD yeniyeni siivuta pa mawu. Ma subtitle amakhala m'chimbale momwemo, ogwirizana ndi milomo, inu kwanu n'kungodina batani pa rimoti. Chimene chimagwetsa anthu ndi chigawo: zimbale zambiri zimapangidwa kuti zizisewera pa makina a dera limodzi lokha la dziko lapansi. Malawi ndi Zambia zili m'chigawo 5, South Africa ndi Britain 2, Korea 3, America 1. Makina otchipa ambiri amawerenga zonse, koma a mayina odziwika amakana chimbale cha chigawo china. Werenganinso kuseri kwa chikuto musanalipire, chifukwa zimbale zogulitsidwa ku France kawirikawiri sizikhala ndi Chingerezi. Chithunzi cha DVD ndi timadontho 720 x 576, chokwanira pa TV yaing'ono. Zimbale zija zothithikiza mafilimu 8 m'malo a 4.7GB zisiyeni: mdima umasanduka timabokosi, nkhope ya wakupha n'kumangooneka ngati chithunzithunzi.

Blu-ray ndiye mwini mdima. Ndi 1920 x 1080 pa chimbale cha 25GB kapena 50GB, mumaona mpaka dzanja limene likutsegula chitseko kumbuyo uko. Africa yonse ndi Ulaya ndi chigawo B, moti chimbale chogulidwa ku London kapena Johannesburg chimasewera bwinobwino, pomwe Korea ndi America ndi A. Vuto ndi mtengo basi, wa makina ndi wa zimbale zomwe.

Fulashi ndi yomwe ambiri tili nayo, ndipo ndi yomwe imafuna luso. Ngati ili pa FAT32 (mtundu wa fomati, kasungidwe ka mafayilo), fayilo yoposa 4GB siilowa. Isintheni ikhale NTFS kapena exFAT, mutaona kaye kuti TV yanu imawerenga iti. Chithunzi chikamayenda koma kuli zii, nthawi zambiri mawu ali mu DTS, mtundu wa kasungidwe ka mawu omveka womwe ma TV ambiri sadziwa; pezani fayilo ya mawu a AAC kapena AC3. Fayilo ya ma subtitle, yotchedwa SRT, ikhale mu foda imodzi ndi filimu, dzina lofanana ndendende.

Chosautsa kwambiri ndi ma subtitle othawa. Filimu ya pa Blu-ray imayenda zithunzi pafupifupi 24 pa sekondi, ya pa DVD ya PAL (mtundu wa ku Ulaya ndi kuno kwathu) imayenda 25. Choncho pa DVD yotere filimu ya maola awiri imafupika ndi mphindi pafupifupi 5. Mukasakaniza SRT ya uku ndi filimu ya uko, poyamba zonse zimaoneka bwino, koma pofika pakati mawu ali patali ndi mlomo, ndipo akatsogola mumawerenga dzina la wakupha wapolisi asanalowe n'komwe m'chipindamo. Pa VLC, pulogalamu yoonera mafilimu pakompyuta, mabatani G ndi H amasuntha ma subtitle ndi mamilisekondi 50 mukadina kamodzi. Izi zimathandiza ngati mpata uli womwewo kuyambira koyambirira mpaka kumapeto. Ngati ukukulirakulira, musavutike kudina, pezani SRT ina yogwirizana ndi fayiloyo.

Nanga zomasuliridwa ndi pakamwa, kaya m'Chingerezi kaya m'Chichewa? Omasulira athu ali ndi luso, ndipo kwa agogo amene maso satha kuthamanga ndi zilembo palibe njira ina yabwino. Komabe pa mtundu uwu wa filimu mumataya zambiri. Kunjenjemera kwa mawu a munthu amene akunama kumakwiririka, ndipo pamene wokonza filimu anafuna kuti pakhale chete, womasulira amapadzaza ndi ndemanga.

Amene ali ndi makina a Blu-ray asankhe yomweyo. Kwa enafe, DVD yeniyeni imaposa fayilo yosadziwika kumene yachokera. Mukasankha fulashi, anthu asanakhale pansi yesani ma subtitle pa mphindi 5 komanso pa ola limodzi ndi theka, muzimitse nyali yoyang'anizana ndi TV.