Magaiter omwe anandipulumutsa pa Seefin

Abale anzanga okhala ku Dublin, ngati mwayamba zokwera mapiri a Wicklow gulani magaiter musanagule china chilichonse, ndikunenetsa. Ndi tinsalu tosalowa madzi tija timavala pamwamba pa jombo kufika pansi pa bondo, kutsogolo timamata ndi velcro, kandowe kake umakoletsa ku zingwe za nsapato kenako lamba amadutsa kunsi kwa phazi. Anga ndinagula mushopu ina ya zamasewera mtauni, mtengo wake siwoboola mthumba ayi.

Ndinakawayesa pa Seefin, kaphiri ka mamita 621 basi, poyerekeza ndi Sapitwa wathu ndi ka ana, koma vuto lake si kutalika, ndi dambo. Kwathu dambo timalidziwa kuti lili kumunsi, kuno lili pamwamba penipeni pa phiri, dothi lakuda bii lofewa ngati phala, ukaponda pa ndere zobiriwira zija ukuganiza kuti ndi pouma mwendo umangoti phwa kulowa. Pakati pa Seefin ndi phiri loyandikana nalo la Seefingan ndinamira katatu mpaka mkatumba koma nditavula pagalimoto masokosi anali ouma, matope onse atathera pa gaiter. Mnzanga yemwe analibe magaiter, nsapato zake zimangolira chwa chwa njira yonse, ndinamumvera chisoni zedi chifukwa kumazizira ndipo mphepo yake siyamasewera.

Magaiter amathandizanso mu tizitsamba ta heather tomwe timasunga mame tsiku lonse, komanso nkhupakupa, poti agwape ndi ambiri mmapiri amenewa ndipo nkhupakupa zina zimapatsa matenda a Lyme.

Chomwe sichinandisangalatse, miyendo imachita thukuta ukamakwera mothamanga, ndipo lamba wakunsi wayamba kale kudyeka ndi miyala. Komanso dambo likakufika mbondo palibe chomwe angachite, madzi amalowera kumwamba.

Pamwamba pa Seefin pali manda amiyala azaka pafupifupi 5,000, kakhomo kake kopapatiza kwambiri ndipo denga linagumuka pakati moti umasuzumira mkati, ndinagwada pamenepo nthawi yaitali kuyang'ana miyala yomwe anthu anasanja ndi manja. Mukamapita onani bwino mbali ya Kilbride, kuli malo omwe asilikali amaphunzirira kuwombera, mbendera zofiira zikakwezedwa musayandikireko.