Linux Mint Xfce ndi uBlock Origin pa laputopu yanga yakale, patatha miyezi isanu

Ndimalembera anthu makalata ofunsira ntchito ndi ma CV m'kashopu kanga pafupi ndi msika wa Chilenje ku Lusaka. Laputopu imene ndimadyerapo ndi ya 2012, RAM yake ndi 4GB, ndipo ndinaigula ku Katondo Street wina ataigwiritsa kale ntchito. Microsoft itasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, mtima unali m'mwamba. Windows 11 imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 komwe makina angawa alibe, ndipo ndalama yogulira ina ndinalibe.

Mwana wa achemwali anga, amene akuphunzira zamakompyuta, anabwera ndi fulashi yomwe anaikamo Ventoy, kapulogalamu kolola kusunga ma Linux angapo pa fulashi imodzi. Linux ndi pulogalamu yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, ndipo iye anaikamo mitundu itatu: antiX, Lubuntu ndi Linux Mint. Anati, "Amalume, musafufute kalikonse kaye. Yesani zitatuzi kuchokera pa fulashi pomwepa, mukasankha ndidzabweranso."

antiX ndi yopepuka zedi. Itangoyaka inkadya RAM pafupifupi 200MB basi, ndipo amene ali ndi kompyuta yakale kuposa yanga, ngakhale ya 32-bit, ayambire pamenepo. Ine ndinaisiya chifukwa mtsikana amene amandithandiza Loweruka anazolowera maonekedwe a Windows, ndipo sindinkafuna kuti azifunafuna zinthu makasitomala ali chiimire. Lubuntu ndinakhala nayo masiku awiri, inali bwino. Ndinakhazikika pa Linux Mint 22 ya maonekedwe opepuka otchedwa Xfce, yomwe izilandirabe zokonza mpaka 2029. Tsiku loyamba Wi-Fi ya laputopu yanga inakana. Tinalumikiza foni ndi chingwe cha USB kuti tipeze intaneti, tinatsegula Driver Manager, kapulogalamu koikira zoyendetsa zipangizo monga Wi-Fi, nkhani inathera pomwepo.

Koma chimene ndikufuna anzanga amve ndi ichi: Linux yopepuka payokha sikwanira. Laputopu inayamba kuyaka msanga, inde, koma ndikangotsegula masamba asanu kapena asanu ndi limodzi, fani inkaliranso ngati kale. Tsiku lina mayi wina anabwera ndi mwana kumbuyo, akufuna ndimupezere chilengezo cha ntchito ya unamwino chomwe anamva kwa mnzake. Tsambalo linadzaza ndi mavidiyo otsatsa malonda odziyambira okha, mbewa inauma, mwana anayamba kulira. Mayiyo sanadandaule, anangopukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje n'kunena kuti, "Pepani abambo, ndibwera mawa." Sanabwerenso. Zinandipweteka, chifukwa kuchokera ku Chawama kufika kuno anali atalipira basi.

Madzulo omwewo ndinaika uBlock Origin pa Firefox. Ndi extension, kapulogalamu kowonjezera pa msakatuli, kotsekereza zotsatsa malonda. Kachishango kofiira kamene kamakhala pakona kamaonetsa chiwerengero cha zinthu zomwe katsekereza, ndipo pa tsamba lomwe lija kanawerenga zopitirira 40. Tsamba linatseguka mwana wanga asanamalize kuthira tiyi m'kapu. Bandulo imene inkatha pakati pa sabata tsopano imandifikitsa Loweruka. Magetsi akathima, batire langa lokalambali limapirira nthawi yokwanira kumaliza kalata imene ndayamba, poti purosesa sikulimbananso ndi mavidiyo. Dziwani kuti uBlock Origin yathunthu, ya Raymond Hill, imagwira pa Firefox. Chrome inasamukira ku malamulo atsopano otchedwa Manifest V3, ndiye kumeneko mupeza uBlock Origin Lite, yomwe mphamvu zake n'zocheperapo.

Ina imene ndaikonda ndi SingleFile. Imasunga tsamba lonse, zithunzi ndi zonse, kukhala fayilo imodzi. M'mawa netiweki ikadali bwino ndimasunga zilengezo za ntchito, masana ndimaonetsa anthu popanda kuwononga bandulo. Auto Tab Discard nayo imagoneka masamba omwe sindikuwagwiritsa ntchito, RAM n'kupuma.

Musamangoika ma extension ambiri. Ndinakondwa mopitirira n'kuika asanu ndi atatu, makina anayambanso kulemera. Komanso ambiri amapempha chilolezo chowerenga chilichonse pa masamba amene mukutsegula. Ine ndimagwira manambala a NRC ndi ma satifiketi a anthu, choncho ndinachotsa onse osafunika n'kutsala ndi atatu ndatchulawa.

Pa zolembalemba ndimagwiritsa ntchito LibreOffice Writer, yomwe imabwera kale mu Mint. CV yolembedwa ndi zilembo za Calibri inkasokonekera mizere mpaka nditaika zilembo za Carlito, zomwe kukula kwake n'kofanana ndi Calibri. Kasitomala ndimamupatsa PDF kuti kulikonse kumene akasindikize ikatuluke mmene ndaikonzera.

Ndikupereka nyenyezi zinayi pa zisanu. Imodziyo ndaisunga chifukwa popanda mwana wa achemwali uja sindikanadziwa poyambira, ndipo ambiri amene timagwira ntchito ngati yangayi m'misika alibe wowagwira dzanja. Mwezi wamawa ndikugula SSD, chosungira mafayilo chothamanga kuposa hadi disiki, iye walonjeza kudzandiikira akatsekera sukulu.