Khutu kapena malamulo pa mafunso okonza ziganizo?

Pa mafunso aja okonza ziganizo za Chingerezi, ngati a m'mayeso olowera ku yunivesite otchedwa SAT kapena a GMAT yakale ija isanasinthe mu 2023, anthu amayenda njira ziwiri. Ena amangowerenga chamumtima, zikakoma m'khutu basi asankha. Ndi yachangu zedi ndipo ngati umawerenga mabuku kwambiri imathandiza ndithu, koma olemba mayeso aja khutu lako amalidziwa bwinobwino, amatchera msampha dala. Taonani ichi: "The box of old letters were lost." Khutu limangomva letters were n'kuti zili bho, pomwe mwininkhani ndi box, imodzi yokha, ndiye pafunika was.

Njira inayo ndi yotopetsa, sindinama. Umaphimba kaye ndi chala mawu apakati aja, of old letters, mwininkhani ndi mneni aonane maso ndi maso, kenako uone nthawi ya mneniyo, uonenso it kapena they akuloza ndani. Poyamba ndinkachita kutuluka thukuta wotchi ikuthamanga, koma ukazolowera ndi timasekondi chabe. Khutu ine ndimalifunsa pomaliza, pakatsala mayankho awiri oti onse malamulo sanawagwire.