GROMACS pa laputopu yakale: ndayipatsa nyenyezi zisanu

Ndimaphunzitsa sayansi kusekondale ina kuno ku Chipata, ndipo maphunziro anga apamwamba ndikuchitira pakhomo. Ntchito imene anandipatsa inali yopeza free energy ya methane ikamalowa m'madzi, kutanthauza kuti kodi imakonda kukhala m'madzi kapena mumpweya, nanga kusiyanako n'kwakukulu bwanji. Tsopano ndatha miyezi itatu ndi GROMACS, pulogalamu ya pakompyuta yoyerekeza mmene mamolekyu amayendera.

Ndi yaulere. Inayambira ku yunivesite ya Groningen ku Netherlands mu 1991, ndipo ine sindinatulutse ngakhale ngwee, kupatula ya mabandulo a intaneti.

Free energy suipeza ndi kuwerengera kumodzi. Umaika methane m'bokosi la madzi n'kumaizimitsa pang'onopang'ono ndi nambala yotchedwa lambda, kuchoka pa 0 kufika pa 1, ngati kufumula nkhuni pamoto imodziimodzi. Kenako gmx bar, chida cha mu GROMACS momwemo, yomwe imatsata njira ya Charles Bennett ya mu 1976, imalumikiza masitepe onse. Ulendo woyamba ndinapupuluma, ndinaika masitepe asanu okha, ndipo zotsatira zinali zosadalirika. Chimene ndinaikondera n'choti sinandibisire: imaonetsa error, kutanthauza kukula kwa chikayiko pa zotsatira, ya sitepe iliyonse payokha, moti ndinaona ndi maso kuti vuto lili chakumapeto, pomwe methane imakhala yatsala pang'ono kuzimiririka. Nditachulukitsa masitepe kufika 20 n'kuyatsa soft-core, yomwe imathandiza kuti kuwerengera kusasokonekere methane ikamazimiririka, ndinapeza pafupifupi 9 kJ/mol (muyeso wa mphamvu), pomwe oyeza mu labu amapeza pafupifupi 8. Nambala ili pamwamba pa ziro, ndiye kuti methane sikondadi madzi. Tsiku limenelo ndinagona mtima uli m'malo.

Koma chimene chinandipulumutsa kwambiri ndi checkpoint. Batire ya laputopu yanga inafa kalekale, ndipo malaiti kwathu ku Kapata amangopita osatsanzika. GROMACS imasunga pomwe yafika mphindi 15 zilizonse. Malaiti akabwera, ndimangowonjezera -cpi pa lamulo loyambitsira ntchitoyo, basi ntchito yapitirira pomwe inalekera. Pakanapanda zimenezi bwenzi nditasiya sabata yoyamba. M'mwezi wa Okutobala ndinkaikhazika laputopuyo pa njerwa ziwiri kuti fani ipume, ikulira usiku wonse.

Anzanga ofuna kuyesa, dziwani kuti mabatani odina mulibe, zonse mumalemba nokha mu Linux, ndipo mafayilo a mdp, momwe mumalembamo malangizo a kuwerengerako, amafuna kuwerenga modekha mzere ndi mzere. Yambani ndi methane, osati puloteni. Pa makina anga sitepe imodzi yokha inkatha usiku wathunthu.